Maliro Amene Ndinawalanda Nyimbo

Ntchito ya mu ofesi ya parishi sindinachite kuisaka. Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo ku Mzimba ndinangopita kukathandiza achemwali anga, amene anali namwino, kulera khanda. Lamlungu lina, pa zolengeza, anati mayi wa mu ofesi akusamuka, ndiye pakufunika munthu wodziwa kompyuta. Achemwali anandigunyuza ndi chigongono. Lachitatu lake ndinali pa benchi, kutsogolo kwanga kuli wansembe wathu, Bambo Chirwa, ndi mawodeni awiri. Mawodeni ndi akhristu osankhidwa kuti aziyang'anira mpingo pamodzi ndi wansembe. Anandipatsa kalata yolemba pamanja kuti ndiitayipe, ndipo sindinaphonye chilembo ngakhale chimodzi. Ananditenga tsiku lomwelo.

Amene anandionetsa ntchito ndi a Nyirenda, wodeni wamkulu, mphunzitsi wopuma. Anatsegula kabati yachitsulo n'kutulutsa akaundula anayi achikuto chakuda: wa ubatizo, wa osanjikidwa manja ndi bishopu, wa maukwati, ndi wa maliro. Pansi pake panali bokosi lathabwa la makadi a akhristu, osanjidwa motsata matchalitchi athu a kumidzi, kuyambira cha ku Jenda mpaka ku Luwawa. Khadi la munthu amene ali pa chilango linkakhala ndi mzere wofiira pakona. Pomaliza anandipatsa makiyi, chidindo cha parishi ndi padi yake ya inki.

"Pano aliyense ali ndi pake, mwana wanga," anatero. "Guwa ndi la Bambo. Kubatiza, Misa, kumva kulapa, kuika munthu pa chilango ndi kumuchotsapo, zonsezo ndi iwo. Ife mawodeni ndi khonsolo tili ndi nyumba za mpingo, katundu ndi mtendere wa anthu, ndipo Bambo akachokapo mafunso amabwera kwa ife. Akatekisti kumidzi amaphunzitsa, amatsogolera mapemphero, amaika maliro. Inu zanu ndi mabukuwa."

Ndondomeko yake inali yosavuta. Bambo akabwera kumidzi pa njinga yawo yamoto, ankandipatsa envelopu ya timapepala tolembapo zimene achita kumeneko. Ine ndinkayenera kuzilowetsa m'kaundula tsiku lomwelo, nambala, dzina, deti, kenako kukonza makadi, iwo n'kusayina. Ndinkatayipanso zolengeza ndi ndandanda wa owerenga Mawu.

Patatha miyezi isanu ndi itatu ndinali nditazolowera kwambiri. Ndinkadziwa khadi la munthu lili pati ndisanatsegule n'komwe bokosi. Anthu akabwera n'kupeza Bambo kulibe, ndinkawayankha ndekha, ndipo nthawi zambiri ndinkalondola. Amayi a yunifolomu anayamba kundinena mwanthabwala kuti "Bambo aang'ono". Ndinkaseka nawo, koma mumtima dzinalo linkandikomera.

Tsikulo linali Lachiwiri, m'mwezi wa Malichi, mvula ikuvumba chiyambire m'mawa. Bambo anali ku Mzuzu, ku m'bindikiro wa ansembe, kumene mafoni amazimitsa. Cha m'ma teni ndinamva "odi" pakhomo. Analowa bambo wa zaka ngati makumi anayi, jombo zili matope okhaokha, jekete ikununkha utomoni wa paini. Anavula chipewa n'kuimirira, mpando osaufuna.

"Ine ndine Wezi Tembo, ndimacheka matabwa ku Luwawa," anatero. "Adada atisiya mbandakucha. Tiika mawa. Akatekisti akuti ndidzatenge mawu kuno."

Ndinapepesa, n'kutulutsa khadi la a Tembo akuluakulu. Pakona panali mzere wofiira, wakale, wofwifwa. Zaka zambiri m'mbuyomo mkuluyo anakwatira mkazi wachiwiri, ndipo analetsedwa Mgonero. Mwa chizolowezi cha parishi yathu, munthu akamwalira ali pa chilango akhristu ankapita ngati anansi chabe. Amayi sankavala yunifolomu, kwaya sinkaimba, mtanda sunkatsogola, katekisti sankatsegula buku.

"Apa pakuonetsa kuti anali pa chilango," ndinatero.

"Zinali kale izo, asisi. Mayi winayo anabwerera kwawo kalekale. Amama akuti Bambo anabwera kunyumba mwezi watha, anakhala ndi adada awiriwiri kuchipinda, mbwenu anawapatsa Mgonero. Akatekisti athu ndi atsopano, tsikulo kunalibe. N'chifukwa chake andituma."

Ndinatsegula buku lina, lolembamo ochotsedwa pa chilango. Dzina lawo munalibe. Ndinalitembenuza kuti aone okha.

"Ndapota, imbirani Bambo."

Ndinaimba kamodzi. Foni inali yozima.

"Nanga a wodeni?"

Apa ndi pamene ndimabwerera nthawi zonse ndikamaganiza za tsikulo. A Nyirenda ankakhala kuseri kwa msika, ulendo wosakwana mphindi khumi. Nambala yawo inali yomata pakhoma, pamwamba pa kompyuta. Koma ndinaona ngati kuwaitana n'kuvomera kuti mabuku anga sakukwanira. Ndinaganizanso kuti anamfedwa amanena chilichonse kuti m'bale wawo aikidwe bwino.

"A wodeni akuuzani zomwezi," ndinatero. "Ife timayendera zolembedwa."

Ndinatayipa mizere itatu yopita kwa akatekisti, yonena kuti malinga ndi mabuku a parishi malemu anali pa chilango, choncho mwambo wa mpingo usachitike. Ndinadinda, n'kusayina "m'malo mwa wansembe". A Wezi anaiwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la mkati kuti isanyowe.

"Mbwenu. Yewo," anatero, kutanthauza kuti basi, zikomo, n'kutuluka kukadikira lole ya matabwa.

Ine ndinabwerera ku zolengeza za Lamlungu. Masana ndinadya bwinobwino.

Bambo anafika Lachinayi. Asanakhale n'komwe anafunsa ngati kwagwa zina, ndipo ndinawafotokozera monyadira mmene ndinayendetsera nkhani ya ku Luwawa. Anangoti njo, helemeti ili m'manja.

"Envelopu imene ndinabwera nayo ku Luwawa ili kuti?"

Masabata atatu m'mbuyomo Bambo anafika atanyowa chinyowere, envelopu ili nyekhwe. Ndinaiika pamwamba pa kabati kuti iume, ndipo sabata imeneyo tinali pa chipwirikiti cha mayina a osanjikidwa manja. Ndinakwera pampando. Inali pompo, itauma gwa, fumbi pamwamba. Mkati munali timapepala tinayi. Titatu tinali ta ubatizo wa ana. Kachinayi inki inali itayenderera, koma mawu ankawerengeka: "Tembo walapa. Wabwezeredwa. Walandira Mgonero."

Bambo sanakalipe. Anakhala pansi, n'kuyang'ana kapepalako nthawi yaitali.

"Kuiwala envelopu n'kulakwa kwa tonse, inenso ndikadafunsa," anatero. "Koma kalata ija anakutumani ndani?"



Anatumiza mawu kwa a Nyirenda. Atafika n'kumva, mkuluyo anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja. Iwo ndi a Tembo anasanjikidwa manja tsiku limodzi ali anyamata.

"Ndinali pakhomo tsiku lonse, ndikusoka fodya," anatero. "Mukadangobwera. Ndikadati muikeni ndi mapemphero, zotsalazo tidzakamba Bambo akabwera. Mlandu wopempherera munthu ndikadausenza ine."

Loweruka tinapita ku Luwawa, Bambo, a Nyirenda, amayi a yunifolomu ndi ine. Bambo anati ndikhoza kutsala, koma ndinakwera nawo lole. Msewu unali woterera, nkhungu itatsekereza mitengo ya paini moti lole inkayenda ndi magetsi masana. Mudzi unali m'mphepete mwa nkhalango. Akatekisti, bambo wofatsa wamng'ono thupi, anatichingamira panjira. Kalata yanga inali m'buku lawo la mapemphero, ndipo anaipereka kwa Bambo ndi manja awiri. Tikuyenda kupita kumanda anafotokoza mmene zinayendera, osadziwa kuti wolembayo ali pambuyo pawo.

Anati amayi anali atabwera ndi mayunifolomu m'zikwama, akungodikira mawu ochokera ku parishi. Kalata itawerengedwa, anawapindanso. Mtanda unabwezedwa m'tchalitchi. Bokosi linanyamulidwa popanda nyimbo, kumangomveka mapazi m'matope. Pamanda, amuna atayamba kukwirira, mkazi wa malemu, anyaShaba, anayambitsa nyimbo okha. Anaimba mzere woyamba n'kudikira kuti anthu apolokeze. Palibe anapolokeza. Anaimba wachiwiri, n'kudikiranso. Anthu anangozyolika, poti kalata inali ndi chidindo. Anamaliza ndime yoyamba okha, kenako anasiya, ndipo kunatsala phokoso la makasu.

"Ine ndinali pomwepo, buku lili m'thumba," anatero akatekisti. "Pakamwa panga pankayabwa, Bambo. Koma ndine ndani kuti nditsutse ofesi?"

Bambo anavala zaunsembe pamanda pomwepo, patebulo laling'ono lobwereka. Asanayambe Misa anauza anthu onse kuti a Tembo anamwalira ali pa mtendere ndi mpingo, kuti iwo eni ndi amene anawapatsa Mgonero, ndi kuti cholakwa chinachokera ku ofesi yawo. Dzina langa sanalitchule. Amayi anaimba mwamphamvu, ena akulira. Mtumbira unali utayamba kale kutitimira ndi mvula. A Wezi sanafike pafupi. Anaima chapatali pansi pa mtengo, chipewa chili kumutu, ndipo pamene timamaliza anali atachoka.

Titabwerera kumudzi ndinalowa m'nyumba ya siwa. AnyaShaba anali pamphasa, kumutu atameta, mayi wochepa thupi wa manja okhakhala. Ndinagwada n'kunena kuti kalata ija ndinalemba ndine, kuti mwana wawo anandiuza zoona koma sindinamukhulupirire. Anandiyang'anitsitsa.

"Ndiwe? Ine ndimayesa ndi munthu wamkulu," anatero. Anandigwira dzanja n'kulitembenuza, ngati akufuna kuona inki. "Usalire chomene, mwana wane. Amuna anga aja sanamve kanthu. Anapita atadya Mgonero, anapita akuseka. Amene ndinamva ndine."

Anauza mayi wina kuti andipatse madzi akumwa.

Khonsolo inakambirana za ine sabata yotsatira. Ena ankafuna ndichoke. A Nyirenda ndi amene anandiikira kumbuyo, ati munthu amene wapsa ndiye amadziwa moto. Anagwirizana kuti kalata iliyonse yodindidwa izisayinidwa ndi wansembe kapena wodeni, ndipo chidindo chinasamukira m'dirowa ya Bambo. Ndinatenga khadi la a Tembo, ndinalemba latsopano lopanda mzere, n'kulowetsa dzina lawo m'kaundula wa maliro. Pa danga lolembapo amene anatsogolera mwambo ndinakhala nthawi yaitali cholembera chili m'mwamba. Bambo anati ndilembe dzina la iwo eni ndi deti la Loweruka. Ndinalemba, koma ndinkadziwa kuti munthuyo anaikidwa Lachitatu.

AnyaShaba ankabwera ku parishi pa zikondwerero zikuluzikulu, ndipo nthawi zonse ankasuzumira mu ofesi kundipatsa moni. A Wezi sanapondenso m'tchalitchi nthawi yonse imene ndinali kumeneko. Ndinakumana nawo kamodzi pa depoti, akumanga matabwa pa lole. Ndinawapatsa moni, anayankha mwaulemu, n'kupitiriza kukoka chingwe. Ana awo atatu makadi awo anangokhala m'bokosi, osawonjezekapo kanthu.

Ndinagwira ntchitoyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Envelopu sinagonenso pa tebulo langa, yonyowa kapena youma. Koma chachikulu chimene ndinatengapo n'chakuti munthu akabwera ndi funso loposa mpando wanga, ndinkatseka ofesi n'kupita naye kwa mwini funsolo, kaya kuli mvula, kaya mwiniyo ali kudimba. Ena ankadandaula kuti ndikuwayendetsa pa nkhani imene ndikudziwa kale yankho lake. Nthawi zambiri ndinkalidziwadi. Ndinkapita nawobe.

Lero ndili kwathu, ndine mmodzi mwa amayi a yunifolomu, ndipo maliro ndimayenda ambiri. Mayi wotsogolera akaponya mzere woyamba wa nyimbo, pamakhala kamphindi kakang'ono anthu asanapolokeze. Ena sakazindikira n'komwe. Ine kamandilowa m'mafupa, ndipo sindingathe kukapirira. Ndimalowa msanga, nthawi zina wotsogolerayo asanamalize, mawu anga okha n'kumveka pamwamba pa onse. Anzanga amandicheukira, ena amandinong'oneza kuti ndidikire. Sindinawauzepo chifukwa chake, ndipo sindidikira.