Nsapato za a Dursun

A Dursun, aneba anga kuno ku Erzurum, anali mmisiri womanga nyumba, munthu wouma pakamwa. Moni weniweniyu tinkachita kuwapempha. Koma ukangotchula ku Jeddah, kumene anagwirako ntchito ali mnyamata, ankamasuka mpaka tiyi kuzizirira m'tambula. Nkhani yake inali imodzimodzi: Tijani wa ku Sudan, mnzawo amene ankagona naye chipinda chimodzi ndi kudyera naye mbale imodzi. Ife tinatopa naye Tijaniyo tisanamuone n'komwe.

Matenda atawapanikiza, a Dursun anamuimbira foni. Tijani analonjeza kuti abwera adzaonane, ndipo odwalawo ankangokhalira kuyang'ana kukhomo. Imfa sinadikire. Titawaika m'manda, akazi awo, a Nezaket, anatulutsa nsapato zawo zaubweya m'kati n'kuziika panja pa chitseko, monga timachitira pa maliro, kuti wosowa azitenge.

M'mawa mwake ndikuchotsa chipale chofewa chimene chinagwa usiku pakhomo ndi fosholo, ndinaona nkhalamba yaitali ikubwera yokha kuchokera kudepoti, kachikwama paphewa, mkanjo wopyapyala, masandasi kuphazi. Zala zakuphazi zinali zitachita kutuwa. Ndinadziwiratu kuti ndi ndani, ndipo mtima unandiwawa.

Ataona nsapato zija anaseka, n'kufuula m'Chituruki chothyokathyoka chimene anaphunzira kwa mnzakeyo.

"Sanasinthebe munthu uyu! Nsapato panja ngati ku Jeddah! Dursun, tatuluka mbuzi iwe, kuzizira kwa kwanu kuno kwandimaliza!"

Ine ndine wolongolola, msewu wonse umadziwa, koma tsiku limenelo ndinangogwira fosholo yanga. A Nezaket ndi amene anatsegula chitseko.

"Ndinu a Tijani? Takulandirani, alamu."

"Ali kuti mlesiyo, alamu? Akadagona?"

"Alamu," anatero mayiwo motsitsa mawu, "kuno nsapato zikaikidwa panja chonchi, ndiye kuti mwini wake sadzazivalanso."

Tijani anangoti khwethe, n'kukhala pansi pachipale pomwepo. Analira ngati mwana, ife tili chiimire. Kenako a Nezaket anayang'ana mapazi ake aja, n'kunyamula nsapatozo.

"Zimenezi amatenga ndi amene akuzisowa. Mumsewu uno palibe amene akuzisowa kuposa inu. Valani, kumanda n'kutali."

Tijani anazivala, ndipo zinamukwana. Ndinaponya fosholo n'kumutsogolera njira yopita kwa mnzake.