Phazi la Mwamuna la Clementina

Galamafoni inazimitsidwa nyimbo ili pakati. Holo yonse ya pamishoni inatembenukira Clementina. Dzanja lake lamanja linali pamsana pa mnyamata wa ku koleji ya aphunzitsi ku Chalimbana, mnyamatayo atawerama, akusisita bondo limene anagundidwa.

"Tiuzeni, apa mwamuna ni ndani?" anafunsa a Ezron, oyang'anira galamafoni.

Anthu anaseka mpaka kugwira mabenchi. Linali Loweruka masana, chaka cha 1975. Clementina anatuluka, juzi yake n'kuisiya pampando.

Pa dansi yogwirana ija, mwamuna ndiye amaika dzanja pamsana pa mkazi n'kuponda kutsogolo. Mkazi amabwerera chambuyo, kutsatira. Clementina anali mwana wamasiye, anakulira kwa masisitere pasukulu ya atsikana okhaokha. Pophunzira dansi kunalibe anyamata, ndiye mtsikana wamtali ankaima m'malo mwa mwamuna. Wamtali anali iyeyo. Zaka zinayi anavina phazi la mwamuna, la mkazi palibe anamuonetsa.

Kuyambira tsikulo dzina lake linali "Bambo Clementina". Ine ndinali pa benchi lachiwiri, ndipo ndinaseka nawo.

Ana a lero sangamvetse kuti dansi ya Loweruka inali chiyani. Madiresi tinkasita ndi simbi ya makala. Anyamata ankabwera panjinga, mataye ali m'thumba kuopa fumbi, pansi pa holo patapakidwa polishi wofiira. Mtsikana wopanda makolo analibe azakhali omuyankhulira. Ngati anthu akanamuona n'kumuwerengera, kunali m'holo momwemo.

Miyezi isanu ndi umodzi palibe anamutambasulira dzanja. Koma Loweruka lililonse ankabwera, diresi yosita, n'kukhala pakona. M'mawa akamaliza kudyetsa nkhuku za masisitere, ankagwira tsache ngati munthu n'kumayenda chambuyo kuseri kwa khola. Anagwapo kangapo. Phazi la mkazi analidziwa, koma womuyesa panalibe.

Tsiku lina anabwera Fidelis, kalipentala wa pamishoni, wamfupi, amene atsikana ankamuthawa chifukwa choponda zala.

"Ba Clementina, ine nyimbo niimva, koma mendo yanga siimva. Imwe muidziwa njira. Munganiyendetseko anthu osaona?"

Clementina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ikani dzanja pamsana panga monga mwamuna. Nikafinya phewa kamodzi, tipita kumanzere. Kawiri, tizungulira. Mukaniponda, nikusiyani pakati."

Sanamuponde. Nyimbo itatha anthu anaombera m'manja Fidelis, ati wamuwongola mtsikana uja. Clementina sanatsutse. Chaka chotsatira anakwatirana.

Kenaka maukwati anayamba kumufuna. Operekeza akwati amavina awiriawiri, ndipo dera lonse munthu wotha kuonetsa mnyamata mbali yake ndi mtsikana mbali yake anali mmodzi. Anakhala matironi, wophunzitsa operekeza, kuyambira ku Nkomeshya mpaka m'tauni ya Chongwe. Chimene anthu anamusekera ndicho chinamutchukitsa. Komabe akavina ndi mwamuna wake, dzanja lake linkakhala paphewa, ndipo anthu ankati, "Ba Fidelis ndiwo adziwa kuyendetsa mkazi."

Mu 2022 mdzukulu wawo Kondwa, wobadwa kwa mwana wawo Mapalo, anapempha kuti agogo ake atsegule dansi pa ukwati wake ku Silverest. Nthawiyo matenda a shuga anali atawadya maso a Fidelis, ndipo miyendo inali yonjenjemera. A Fidelis anakana.

"Mwamuna wosaona angatsogolere bwanji? Azaniseka."

"Atate ake Mapalo, munayamba liti kuona kumene tipita?" anafunsa Clementina.

A Fidelis anaseka, koma nkhani sinathere pamenepo. Kufinya phewa sikukanakwaniranso. Kuti asagwe, pankafunika dzanja lolimba pamsana pawo, pamaso pa anthu onse. Clementina, mayi wa zaka 65 wophunzitsa dansi dera lonse, anachita mantha. A Ezron anamwalira kalekale, koma funso lawo linali lisanamuchoke m'makutu.

Tsikulo litafika, m'tenti yoyera munadzaza anthu a maofesi a ku Lusaka, mafoni ali m'mwamba. Clementina anayenda ndi mwamuna wake mpaka pakati. Anatenga dzanja lamanzere la a Fidelis n'kuliika paphewa pake, lake lamanja n'kuliika pamsana pawo, n'kuponda kutsogolo.

Kumbuyo ena anayamba kunong'onezana. Iye sanacheuke. Anazungulira tenti yonse kawiri, msana uli njo, monga ankachitira kwa masisitere, ndipo a Fidelis sanaphonye phazi ndi limodzi. Atatha, a Fidelis anapempha maikolofoni.

"Musadabwe. Uyu ndiye aniyendetsa kuyambira tili achinyamata. Lero chabe ndiye mwaona."

Tenti yonse inaimirira. Nanenso ndinaimirira, ndinaomba m'manja nditachedwa ndi zaka 47.

Iwe amene anakupatsa dzina lachipongwe chifukwa cha chinthu chimene umachidziwa bwino, usachitaye. Sita diresi lako, bwera Loweruka, phunzira ndi mbali inayo. Osataya mtima.

Koma pempho langa lalikulu lili kwa inu okhala pa mabenchi. Ife tinachititsa munthu kubisa luso lake lotsogolera dansi moyo wonse chifukwa cha kuseka kwa tsiku limodzi. Inu chitani bwino kuposa ife. Mukaona mtsikana waponda kutsogolo, musazimitse nyimbo.