Ukochi wa besibolo watilanda mapepala ku Hull

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti palibe wandilodza, palibenso wandichitira kaduka. Dzenje ndakumba ndekha, koma tagweramo atatu: ine, mkazi wanga ndi mwana wathu Chisomo. Kunatsala chaka chimodzi chokha kuti tipemphe mapepala okhalira kuno ku Mangalande mpaka kalekale. Lero pathebulo pali kalata yotiuza kuti tilongedze. Zonsezi chifukwa cha mpira, mpira wakenso woti ambiri a inu simunauonepo.

Masewerawa amati besibolo. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina n'kukamenya ndi chibonga, kenako n'kuthamanga mozungulira bwalo. Ine ndinawadziwa ndili kusekondale ya mishoni, komwe mphunzitsi wina wochokera kunja anabwera ndi chikwama cha magolovesi akutha. Anzanga ankandiseka kuti ndasiya mpira wa amuna n'kumagenda ngati wosaka mbalame. Koma dzanja ndinali nalo, abale. Nditafika kukoleji ndinasonkhanitsa anyamata, tinapanga timu, ine n'kukhala woponya wake. Tinkasowa osewera nawo, moti ulendo wina tinachita kukwera basi mpaka ku Zambia kukangosewera masewera awiri. Phewa litayamba kundivuta ndinasiya kuponya n'kukhala kochi wa timu yomweyo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinalandirepo kanthu, koma ndikamadutsa ana ankakuwa kuti “Kochi! Kochi!” ndipo mtima unkachita kuti myaa.

Kenako mwayi wa ntchito yosamalira okalamba unapezeka, tinabwera ku Hull. Viza inali m'dzina langa, mayi a Chisomo ndi mwana anabwera ngati ondidalira. Ndiye kuti mkazi wanga kugwira ntchito kukhitchini ya pachipatala, mwana kupita kusukulu, zonse zinkatsamira pa pepala langa limodzilo. Ntchito yanga inali kusambitsa agogo, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, maola khumi ndi awiri pa shifiti. Sindinkainyoza ayi, inkatidyetsa. Koma m'nyumba ya okalamba monsemo panalibe ankadziwa kuti wosintha mabulangeteyu anakhalapo munthu.

Loweruka lina ndikuweruka masana, ndili pamwamba m'basi yosanja, ndinaona anyamata ndi atsikana papaki atavala magolovesi a besibolo. Ndinatsika basi ndisanafike kwathu. Woponya wawo ankagwetsa chigongono poponya, ndipo ndinalephera kupirira. Ndinapita n'kumugwira mkono, ndikadali mu yunifomu ya kuntchito, n'kumusonyeza pomwe dzanja liyenera kudutsa. Anali ana a pakoleji ina ya mumzindamu, timu yopanda kochi, yomwe inkangogonja sabata ndi sabata. Anandipempha kuti ndibwerenso, ndipo ndinabwera.

Poyamba ndinkangothandiza mwaulere. Timu itayamba kupambana, mkulu woyang'anira zamasewera pakolejipo anandiitana n'kunena kuti akufuna ndikhale kochi weniweni, wa maola ochepa pasabata, wolandira kangachepe. Anandipatsa jekete lolembedwa dzina langa kumsana. Iye sanafunse zambiri za viza yanga, nanenso sindinanene zambiri. Kutchalitchi ndinali nditamva anthu akunena kuti aliyense amaloledwa kuwonjezera maola makumi awiri a ntchito ina, ndiye ndinangoti nanenso ndili momwemo. Ndinasaina osafunsa munthu.

Wonditsina khutu analipo. A Mwanza, mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwira limodzi, atandiona ndi jekete lija anandikokera pambali n'kuti, “Imwe a kochi, ija pepala ya viza munaiwerenga mpaka pansi? Pali mawu ya masewera paja.” Ndinaseka. Ndinawauza kuti malamulo amenewo ndi a akatswiri a pa TV, osati ine wophunzitsa ana khumi ndi asanu papaki yamatope. Mumtima ndinati nsanje basi, munthu akangotukula mutu anzake ayamba. Mayi a Chisomo nawonso anandipempha kuti tikafunse kaye kwa odziwa malamulo. Ndinawayankha mwaukali kuti kodi nanenso ndisakhale ndi changa chondisangalatsa m'dziko lozizirali?

Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chaka chachiwiri tinagonjetsa makoleji a ku Bradford ndi ku Bolton, tinafika mundime yomaliza. Kanyuzipepala ka pakoleji kanalemba nkhani yanga, chithunzi chachikulu, pansi pake akuti kochi wamkulu wolembedwa ntchito ndi koleji. Inu owerenga, apa ndi pomwe ndimadziluma chala. Palibe amene anakandinenera. Ndine ndemwe amene ndinatumiza nkhaniyo pagulu la pafoni la kutchalitchi. Ndine ndemwe amene ndinaisindikiza papepala n'kukaimata pabolodi ya m'chipinda chopumira kuntchito, pafupi ndi ndandanda wa mashifiti, kuti aliyense aone kuti sindine wotaya mikodzo chabe.

Inakhala pabolodipo masiku awiri. Tsiku lachitatu manijala wathu, mayi wachizungu amene sanandilakwirepo, anandiitanira mu ofesi pepala lija lili m'manja. Anatsegula kompyuta n'kundisonyeza malamulo a viza yanga. Mawu aja a Mwanza ankanena analipodi, omveka bwino, mzere umodzi wokha: mwini viza iyi saloledwa kugwira ntchito ngati katswiri wa masewera kapena kochi. Anati iwo monga ondibweretsa m'dziko muno akabisa, chilolezo chawo cholembera anthu akunja chikhoza kulandidwa, ndipo anzanga onse ochokera kunja avutika. Ankalankhula misozi ili m'maso. Ndinagwada, ine bambo wamkulu, n'kulonjeza kuti ukochi ndausiya lero lomwe. Anati kusiya sikufufuta zomwe zalembedwa kale.

Anandiimitsa ntchito, kenako anandichotsa. Patapita milungu ingapo kalata inabwera kuchokera ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, yotipatsa masiku makumi asanu ndi limodzi kuti ndipeze wondilemba wina kapena tichoke. Ndayenda, abale. Ndakwera sitima mpaka ku Bolton komwe ndinamva kuti akusowa anthu, koma atangomva chifukwa chomwe ndinachotsedwera anati andiimbira, mpaka lero. Loya wina ku Bradford anawerenga mapepala anga, anavula magalasi n'kundiuza mosapita m'mbali kuti asandinamize, mwayi ndi wochepa kwambiri. Akoleji anati pepani, sankadziwa, ndipo iwo viza sangandipatse. Ana a timu ananditumizira khadi losainidwa ndi onse. Masewera omaliza aja anasewera ine kulibe, ndipo sindinafunse n'komwe kuti zinatha bwanji.

Kutchalitchi anatipempherera, koma ndimaona m'mene amandiyang'anira. Omwe ankaombera m'manja pagulu la pafoni aja ndi omwewo akunong'onezana kuti kudzionetsera kwamupweteka. Sindiwatsutsa. A Mwanza okha ndi amene amabwera kunyumba, ndipo sananenepo ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani. Bola akananena, mwina ndikanapepukidwa.

Chisomo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, mayeso ake akuluakulu ndi a chaka chamawa. Ankafuna unamwino, ndipo aphunzitsi ake ankati akhoza. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndiye ndikaganiza zokamuika m'kalasi kwathu pakati pa chaka, mutu umandizungulira. Chiyambireni nkhaniyi sanandikalipirepo. Amangolowa kuchipinda kwake n'kutseka chitseko, mabuku a kusukulu akuwerengabe ngati kuti tikhalapo.

Ndiye inu amene muli kuno pa viza ya ntchito, kapena mukukonzekera kubwera, ndikukupemphani ndi mtima wosweka. Werengani pepala lanu mpaka mzere womaliza, ndipo mukapanda kumvetsa kafunseni kwa wodziwa malamulo, osati pakhomo la tchalitchi pomwe aliyense ndi loya. Musasaine chilichonse chifukwa choti akutchulani dzina lokoma. Luso lanu likhoza kudikira zaka zisanu, silingawole. Ndipo ngati anthu ena akudalira pepala lanulo, dziwani kuti si lanu nokha, musamaliseweretse ngati mmene ndinachitira ine.

Pamene ndikulemba pano atsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Dzulo mayi a Chisomo anakatsanzika kuchipatala n'kubweza yunifomu yawo. Atafika anakhala pamasitepe osavula nsapato, anandiyang'ana n'kunena kuti, “Bambo a Chisomo, ine ndinalakwa chiyani? Mpira wanuwo sindinauonerepo ngakhale tsiku limodzi.”