Ndinabisa Umphawi Wanga kwa Anthu Amene Anabwera Kudzauona

Inu owerenga, ine ndinamutsekera mdzukulu wanga khomo la ku koleji ndi pakamwa pangapa. Palibe anandilodza, palibe anandibera. Ndinachita ndekha, masanasana, nditavala jekete.

Kwathu ndi kwa Nazombe. Ondidziwa akuuzani kuti ine ndikaimirira pamaliro safunanso chimkuzamawu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma mawu ndili nawo. Mwana wanga wamkazi anamwalira n'kutisiyira mtsikana, dzina lake Felesita, ndipo tinamulera ine ndi mkazi wanga, chakudya chake makaka ndi kalongonda. Mutu wa mwana ameneyu ndi wina. Anakhoza Folomu 4 bwino zedi, anamusankha kukoleji ya unamwino. Koma fizi yake, ngakhale ndikanagulitsa munda ndi makasu omwe, sindikanaifikira.

Aphunzitsi aakulu a pasukulu pake ndiwo anamva za bungwe lina lolipirira ana sukulu. Anamuthandiza kulemba mafomu. Ine sindinafunse kuti bungwelo limasankha bwanji, poti kufunsa mwana ndinkaona ngati kudzitsitsa. Podikira yankho, mtsikanayo anapita ku Migowi kukathandiza azakhali ake kugulitsa matimati.

Lolemba lina foni inalira. Mayi wina wa kubungweko anati Lachinayi abwera awiri kudzacheza pakhomo pamene Felesita amachokera. Apa ndiye pamene ndinasochera. Ndinaganiza motere: ndani amathira chimanga m'thumba lobooka? Anthu ofuna kuika ndalama zawo pa mwana afuna aone kuti akuchokera pakhomo pa anthu olongosoka, monga amachitira odzafunsira mbeta. Ndinalumbira kuti pakhomo panga sadzapaseka.

Masiku awiri ndinazungulira mudzi. Kwa mnzanga wa golosale ndinabwereka mipando ya sofa ndi sola, solayo n'kuiika padenga popanda ngakhale waya. Khola langa linali lopanda kanthu chikokolokereni mbuzi zanga ndi madzi osefukira, ndiye ndinalowetsamo mbuzi zisanu ndi imodzi za alamu anga. Matumba ndinadzazamo makoko a nandolo, n'kuwasanja pakona ngati chimanga. Mkazi wanga anandiyang'ana nati, "Bambo, mbuzi za eni zimalira kuyang'ana kwawo." Ndinamukalipira, n'kumuuza aphe tambala, mmodzi yekhayo amene tinali naye.

Felesita anafika Lachinayi m'mawa. Ataona sofa anaima pakhomo ngati walakwitsa nyumba. Anandikoka jekete nati, "Agogo, tiyeni kuseri ndikuuzeni." Nthawi yomweyo galimoto inali ikulowa. Ndinamuuza kuti akulu akamalandira alendo mwana amakhala chete.

Anatsika mayi uja ndi mapepala, ndi bambo wina wojambula ndi foni. Mafunso anayamba. Mumadya kangati patsiku? Ndinati katatu, m'mawa tiyi wamkaka. Chikhalirecho mwezi umenewo tinkadya kamodzi. Mbuzizi n'zanu? Ndinati zanga, zina zili kubusa. Alipo amene amakuthandizani? Ndili ndi mwana ku Joni amene zaka zinayi zatha osamva ngakhale moni wake, koma ndinati amatumiza mwezi ndi mwezi. Mayiyo anaika cholembera pansi, nandifunsa mofatsa ngati ndingathe kumulipirira ndekha Felesita. Inu owerenga, ndinaseka mokweza mpaka a nyumba yachitatu anamva. Ndinati, "Mayi, mwana wa pakhomo pano sangalephere sukulu chifukwa cha ndalama. Koma poti mwabwera kale, tithandizane."

Felesita anali ataweramitsa mutu, misozi ikugwera pachitenje. Ine ndinkati ndi chisangalalo. Alendo anadya tambala, anathokoza, anapita. Madzulo ake ndinauza mudzi wonse kuti nkhani yatheka.

Patatha milungu itatu mayina anatuluka. La Felesita panalibe. Ndinatenga ndodo, ulendo wa kusukulu, ndikukuwa njira yonse kuti pachitika ziphuphu. Aphunzitsi aakulu anandilowetsa mu ofesi n'kutseka chitseko. Ananditembenuzira m'Chichewa zimene alendo aja analemba: banjali lili ndi ziweto, chakudya chokwanira, magetsi a sola, ndi mwana kunja wotumiza ndalama, ndipo mwini wake wanena kuti angathe kulipira yekha. Kenaka anati, "Madala, thandizoli ndi la amene alibe. Iwo anabwera kudzatsimikiza kuti mulibe. Inu munawatsimikizira kuti muli nazo."

Ine amene sindisowa mawu, ndinangokhala kukamwa yasa ngati nsomba yapamsika. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinafika bwanji kunyumba.

Mawa lake ndinabwerera, chipewa m'manja, kuwapempha aimbe foni kuti anthuwo abwerenso adzaone zenizeni. Anaimba ine ndili pomwepo. Yankho linali lakuti malo anapatsidwa kale kwa mwana wina, ndipo sangamulande. Ndinamva kuti mwanayo agogo ake anawalandirira alendo pamphasa yong'ambika, n'kuwapepesa kuti alibe chowapatsa. Tsiku lokayamba kukoleji linafika n'kudutsa, Felesita ali pakhomo.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mwanayu sananditukwane. Akanatero mwina mtima ukanapepuka. Amadzuka, amatenga khasu, amalima mzere wake pafupi ndi wanga. Anzake akabwera patchuthi amalowa m'nyumba mpaka atapita. Aphunzitsi aja sanamutaye, akuti ayesanso kumabungwe ena, koma alonjeza kuyesa kokha basi. Ndipo pali mnyamata wa kabaza wayamba kuchedwa pamsewu wathu. Ndikamuona mtima umandigunda, chifukwa mtsikana akakhalitsa pakhomo tonse tikudziwa kumene zimathera.

Ndiye inu makolo anzanga, makamaka ife amuna okonda kutamandidwa, mverani. Mwana akati wapempha thandizo la sukulu, khalani naye pansi, mumufunse kuti anthuwo amafuna chiyani. Kufunsa mdzukulu sikuchotsa imvi. Pitani kwa aphunzitsi akufotokozereni musanachite zanzeru zanu. Mwana akakukokani malaya pamaso pa alendo, tulukani mukamumvere, mwina akudziwa chimene inu simukudziwa. Ndipo akakufunsani kuti dzulo munadya chiyani, ngati munagona ndi njala nenani kuti munagona ndi njala. Ine ndinathawa manyazi a ola limodzi. Amene akulipira ndi mwana wamasiye amene sananame ngakhale liwu limodzi.