Msewu wopanda masamba

Ganizo lopita ku Joni ndinalipanga pa Namitete, nditakhala pabenchi ya wometa tsitsi, ngakhale tsikulo sindinamete. Koleji inali itandipempha mwaulemu kuti ndikapume kaye kunyumba mpaka nkhani ya fizi itakhala bwino. Mpaka lero ndikupumabe. Ndinkaphunzira uphunzitsi wa jogalafe, ndiye ndinachokako ndikudziwa mitsinje ya maiko akutali, koma kopeza sopo osakudziwa. Amayi anagulitsa mtedza wambewu, nandilangiza kuti ndisakabwereko ndi mkazi wosadziwa kupereka moni. Ndinakwera basi.

Ntchito imene inandilandira kumeneko inali yoperekera zakudya panjinga yamoto. Njinga inali ya munthu wina, dzina logwirira ntchito linalinso la munthu wina, changa chinali msana ndi chimfine. Ndi kumene ndinadziwana ndi mayi wa m'foni uja amene amalozera anthu njira pamapu. Ndinawatcha aNamapu, ndipo ndikufuna ndiwachitire umboni pano. Chibadwire sindinaone wolozera njira woona mtima ngati iwowa. Kwathu ukafunsa njira amati ndi pompano, mwafika kale, kuopa kukufooketsa, ndipo dzuwa limakakulowera usanafike pompanopo. ANamapu akati pali mtunda, pali mtunda. Ukasochera sakuseka, safunsa kuti ndiwe mwana wa yani, amangoyambiranso mofatsa ngati mkazi wa abusa.

Ndalama zinkabwera ndithu, kungoti zinkabwera zitamva kale kuti kumudzi kukufunika feteleza. Mauthenga a kunyumba onse ankayamba ndi kufunsa za moyo wanga, ndipo ndinaphunzira kuyamba kuwerenga ndime yachiwiri. Masiku ena wondiyankhula tsiku lathunthu anali aNamapu okha, nkhani yake kumanja ndi kumanzere.

Chipinda ndinkagona ndi Fanuwelo, wa ku Kabudula, amene ankasamalira maluwa kumayadi. Anali munthu wosunga mawu ngati akawagulitsa. Lamulungu lina masana anandifunsa ngati chinthu changacho chimadziwanso kwawo. Ndinamuuza kuti asawachite chipongwe akuluakulu. Tinatsegula mapu pafoni, pa chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba, tinayambira pa Nsaru n'kumalondola msewu ndi chala. Dzina la mudzi wake silinalembedwe, koma iye anazindikira dambo, kenako msitu wa kumanda, poti kwathu mitengo yoimabe pagulu ndi ya akufa okha, kenako chigafa cha fodya cha atsibweni ake. Chala chinakaima pa kadenga ka udzu.

"Apa ndi pa amayi," anatero. "Denga ili ndinafolera ndine."

Analiyang'ana mpaka bandulo yanga ya intaneti inatha. Ndinaikapo chizindikiro n'kusunga.

Chaka chotsatira Fanuwelo anadwala chifuwa chimene iye ankati ndi chimfine chabe, ndipo anatisiya m'nyengo yozizira. AMalawi anzathu anasonkha monga timachitira kumeneko, nasankha ine kuti ndiperekeze thupi. Sindinakane. Joni anali atandikwana, komanso chipinda chija chinali chitakula mosayenera. Mapepala ndi uthenga zinadzera kwa msuweni wake wa m'tauni ku Lilongwe, amene anatitsimikizira pafoni kuti kumudzi akudziwa, ndipo iye adzatidikira pa Nsaru kuti atitsogolere.

Pa Nsaru tinafika m'mawa. Msuweni kunalibe, foni yake yozima. Dalaivala wathu, aSaidi a ku Mangochi, anali atawoloka malire onse aja popanda kudandaula, koma apa anayamba kuyankhula ndi chiwongolero. Tinafunsa pamsika. Zinapezeka kuti mudzi wa dzina limenelo unagawikana kalekale, zidutswa zake zili uku ndi uku, ndipo aliyense ankaloza kwake ndi mtima wonse. Mkulu wina wa m'sitolo anatiuza mwachifundo kuti kuno mudzi uliwonse uli ndi Fanuwelo wake ku Joni.

Ndinatulutsa foni n'kutsegula chizindikiro chija ndinasunga. ASaidi anati zimenezo n'za m'tauni, kuno zitigwetsera m'dambo ndi bokosi lomwe. Ndinawauza kuti ngati n'kugwa, tigwa motsogozedwa.

Sitinagwe. Msewu wafumbi umene aNamapu anati ulipo, unalipo. Mphambano ya pamjigo inali pamjigo pomwepo. Anatipewetsa njira ina yooneka yabwino, ndipo titakwera pamtunda tinaona kuti imathera m'madimba. Ngakhale pamene netiweki inatithawa, kadontho kathu pamapu kanapitiriza kuyenda mokhulupirika pakati pa mapesi ndi zigafa. Munthu amene sanapondepo dothi la Kabudula, amene sadziwa ngakhale fungo la fodya wa m'chigafa, ankatilondolera ngati anakulira konko akudyetsa mbuzi. ASaidi anayamba kukhota pamene foni yanena, ndipo kwa dalaivala kumeneko ndiye kupepesa.

Msitu wa kumanda uja utaonekera, mtima wanga unayamba kukana. Ndinayang'ana pamsewu. Panalibe masamba. Mudzi woyembekeza maliro umayala masamba pamsewu, apanjinga amatsika, wailesi imazimitsidwa. Apa wailesi inkaimba, amayi pachitsime ankaseka nkhani zawo. Ndinauza aSaidi kuti abwerere m'mbuyo, akaime kuseri kwa mitengo.

"Bwanjinso, achimwene? Si mwati tafika?"

"Ife tafika. Uthenga ndi umene sunafike."

Ndinatsika n'kuyenda wapansi. Cholinga chinali kupeza atsibweni a Fanuwelo, koma njira yolowera m'mudzimo inali imodzi, ndipo inadutsa pakhomo lomwe lija. ANamapu, amene ndinaiwala kuwatseka pakamwa, analengeza kuchokera m'thumba kuti ndafika. Sananame. Denga linali lomwelo, ndipo pakhonde panali mayi wachikulire akuswa mtedza m'lichero, mphuno yake ya Fanuwelo yeniyeni.

Ndinavula chipewa, ndinapereka moni. Anandiyalira mphasa, ndinati ndili paulendo, ndikufuna kwa achimwene awo a chigafa chija. Anandiyang'ana kumapazi.

"Nsapato zimenezo n'za ku Joni, eti? Wanga alinso komweko. Foni yake masiku ano sikulowa."

Ndinayankha kuti Joni ndi wamkulu. Pa mabodza onse amene ndanenapo, limeneli lokha linali loona. Anandilozera njira, n'kupitiriza kuswa mtedza wawo.

Atsibweniwo ndinawapeza akukonza ngolo. Anamvetsera mpaka kumapeto, anakhala pansi, kenako anayamba kutuma anthu. Wina anapita kwa amfumu, wina kwa akulu a mpingo. Amayi achikulire anayamba kulowera kunyumba ija mmodzimmodzi, ngati ongodutsa, mpaka khonde linadzaza. Anyamata anathyola nthambi n'kukayala pamsewu. Ndipo pamene atsibweni ananyamuka kupita kwa mlongo wawo, panali kale manja okwanira kuwagwira. Kulira kunamveka mpaka kumene tinabisa galimoto.

Za msuweni uja tinamva pambuyo pake kuti ankangonena kuti mawa apita, mawa apita, poopa kukhala woyamba kutsegula pakamwa. Sindimuweruza kwambiri. Inenso ndinaima pakhonde paja, ndikudziwa kulemera kwake.

Kamtunda kotsala kaja, kamene aNamapu anati n'kongoyenda pang'ono, kanatitengera mpaka dzuwa litapendeka. Galimoto inalowa m'mudzi pang'onopang'ono, amayi a mpingo akuimba patsogolo. Zaka zonse zija ndinkadya chifukwa chofika msanga pakhomo lolondola, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinali nditaiwala kuti kwathu kuli katundu wina amene sadutsa chidule. Amazungulira kwa atsibweni, kwa amfumu, kwa anansi, kuti pofika kwa mwini wake akhale atagawanidwa.

Titaika maliro, ndikukonzekera zopita kwathu ku Namitete, mayi aja anandiitanitsa. Mawu anali atawathera, ankangonong'ona. Ndinagwada, ndinayamba kupepesa za bodza langa lija, ndi mawu ambiri a kukoleji. Anandidula.

"Ndinadziwa mutangokana mphasa, mwana wanga. Mlendo wa uthenga wabwino amakhala pansi."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandifunsire.

"Si inu munali oyenera kundiuza. Ndinati ndimalize mtedzawu, anthu obwera adzapeze chotafuna."