Lota ya Abambo a Malamba Ofiira

Lachinayi, nthawi itangokwana 3 koloko masana, nesi wa kuchipatala ku Edmonton, kuno ku London, anandiimbira foni ndili kuntchito, ndikusintha zofunda za nkhalamba ina. Anati amuna anga atisiya. Ndinafunsa kuti pambali pawo panali ndani. Anati panalibe munthu.

Amuna anga anali m'bungwe la abambo la kutchalitchi kwathu, lotchulidwa dzina la woyera wina amene ankatumikira akapolo. Mbiri yake ndinaimva mpaka kuiloweza. Akuti chombo chikakocheza, iye ankatsikira pansi m'mene anthu akuda anali atapanikizana, m'fungo losanzitsa, atanyamula madzi, malalanje ndi mankhwala, n'kumatsuka zilonda ndi manja ake.

Chaka chilichonse pa tsiku la woyerayo, abambowo amavala masuti ndi malamba ofiira a paphewa, n'kundondozana kupita kuguwa ndi dengu la malalanje. Misa ikatha amakasenda malalanjewo mu holo n'kudya okha.

Matenda a amuna anga atakula ndinapita kwa atcheya a bungwelo. Ndinapempha chimodzi chokha, kuti wina azikhala ndi mnzawoyo masana ine ndikakhala pa shifiti. Amuna anga ankaopa kufa okha, ndipo sankabisa.

"Amayi, musade nkhawa," anatero atcheya. "Tipanga lota, tizisinthana masiku. Ife ndi ana a woyera uja."

Lota inatulukadi pa foni, mayina ndi masiku ake. Anabwera mmodzi, kamodzi. Anaima pakhomo la wodi mpango uli pamphuno, nati galimoto waiimika poletsedwa. Lachinayi lija linali la atcheya eni ake.

Pamaliro anabwera onse, malamba osita bwino. Atcheya anakamba za zilonda za akapolo mpaka kupukuta misozi. Kenako anandipeza panja.

"Amayi, imani pakati apa, tijambulitse chithunzi cha bungwe."

"Lachinayi munali kuti, bambo?"

"Aa, masitima anavuta, amayi. London mukuidziwa."

"Mukadandifunsa nambala ya basi. Ine ndinkakwera tsiku lililonse."

Chithunzicho anajambulitsa okha. Patapita sabata anatuma munthu kudzatenga lamba wa amuna anga, ati kwalowa membala watsopano. Ndinamuika m'jumbo n'kumupatsira pakhomo.

Woyerayo ndilibe naye mlandu. Iye ankatsikadi m'chombo.

Masiku ano Misa ndimamvera ku parishi ina. Masana amene ndilibe shifiti ndimapita kuwodi ija, kukakhala ndi odwala amene alibe owazonda.