Mudzi wa Bambo Unapezeka M'mawa wa Maliro

Ndinadzuka kusanache, pamphasa pomwe tulo tinandigwirira, azimayi a mpingo akuimbabe ndi mawu osasa. Kunja kwa nyumba yathu ku Waverley kunali chisanu, azibambo ataunjikana pamoto. Ine mtima sunali m'malo. Abale anandisankha kuti ndikawerenge mbiri ya Bambo kumanda, koma mudzi umene anachokera ku Malawi sindinkaudziwa. Anabwera kuno kudziko la Ashona ali mnyamata kudzalowa mumgodi, ndipo anzawo oudziwa anatsogola kale. Moyo wawo wonse ankanyozedwa kuti ndi munthu wopanda kwawo. Ndinapempha Ambuye, amene amadziwa nkhosa iliyonse ndi dzina, kuti tisawaike m'manda ndi chitonzo chimenecho.

Dzuwa litatuluka, makombi, maminibasi ochokera ku Chegutu, anayamba kutsitsa anthu. Mu ina munatsika mwana wamkazi wa mchimwene wanga, yemwe amagwira ntchito ya makompyuta. Iyeyu ankajambula mawu a agogo ake akamacheza, n'kulemba zonse mu laputopu. Nditamuuza vuto langa, tinalowa kuchipinda, tinakhala pamatumba a ufa. Pagalasi lakuda la laputopuyo analemba lamulo lotchedwa grep, limene limatulutsa mizere yokhayo yokhala ndi mawu amene ukufuna. Anafufuza "mudzi". Mizere inasefukira, pakuti Bambo ankatchula midzi ya aliyense amene anagwira naye ntchito kumgodi wa ku Eiffel Flats.

Anaika kamzere koimirira, n'kulembanso grep kuti asefe zomwe zatulukazo, patsale mizere yotchula "abambo". Sipanatsale kanthu. Anayesa "baba", momwe Ashona amatchulira abambo. Ayi ndithu. Kunja galimoto yonyamula bokosi inali italira kale.

"Hapana, Tete," anatero m'Chishona, kundiuza ine azakhali ake kuti palibe, misozi ikulengeza.

Pamenepo Mulungu anandikumbutsa mwambo wathu.

"Mwanawe, tikufufuza ngati Ashona, amene kwawo n'kwa abambo," ndinatero. "Mchewa kwawo n'kwa amayi ake. Talemba amayi."

Inatsala mizere yochepa. Wachiwiri wake unali mawu a Bambo eni ake, akunena kuti mudzi wa amayi awo ndi Nsanjiko, ku Dowa, kuseri kwa phiri. Ndinagwira mwanayo paphewa.

Tinanyamuka mphepo ikuulutsa fumbi. Ogulitsa m'matakishopu, timagolosale ta m'mbali mwa msewu, anaimirira pakhomo, ena atavula zipewa. Kumanda ndinawerenga mbiri yonse, ndipo nditafika pa dzina la mudzi ndinakweza mawu kuti ndi akumbuyo omwe amve. Mkulu wina wovala kachipewa koyera ka kumzikiti, amene sindimudziwa, anagwedeza mutu n'kupukuta m'maso. Kenaka dothi linagwa pabokosi.

Madzulo anthu anabalalika, moto unazima, mipando yobwereka inabwerera kutchalitchi. Mchimwene wanga, amene Chichewa chimamulemera pakamwa, anakhala yekha pakhonde akubwereza dzinalo pang'onopang'ono, kuti akalilembetse bwino pamwala. M'nyumba munali zii. Ndinagwada kuti ndipemphere, koma ndinapeza kuti ndilibenso chopempha. Ndinangothokoza, n'kugona.